Mphepo ikaleka, thupi lisaleke

Mpikisano wa Olympics wa 2024 udali woyamba kukhala ndi masewero a kiteboarding, omwe munthu amaima pathabwa n'kumakokedwa pamadzi ndi kaiti yaikulu. Masewerowa adachitikira ku Marseille, mzinda wa m'mphepete mwa nyanja ya Mediterranean m'dziko la France, komwe kumadziwika ndi chimphepo cha Mistral. Koma m'masiku a mpikisanowo mphepo inkabwera mwa apo ndi apo. Opikisana ankatha maola akudikira padzuwa, ndipo ndime yotsiriza ya amuna, yomwe imayenera kutha pa 8 Ogasiti, idakathera pa 9 Ogasiti, tsiku lomwe Valentin Bontus wa ku Austria adatenga mendulo ya golide. Kumbali ya akazi, Ellie Aldridge wa ku Britain adachita mwayi womaliza dzulo lake.

Ngati okonza Olympics, ndi chuma chawo chonse, adalephera kuitanitsa mphepo, nanga munthu wamba wokonda masewerowa angatani? Iye amadziwa kuti chaka chilichonse pali masiku, nthawi zina masabata, omwe kaiti yake idzakhala yopinda m'chikwama. Zomwe amachita m'masiku amenewo ndiye nkhani yathu lero, ndipo ikukukhudzani ngakhale simudaonepo kaiti yotereyi. Mwina inu mumadalira mpira wa Loweruka, kuthamanga m'mawa ndi mnzanu, kapena kupalasa njinga. Tsiku lina bwalo lidzadzadza madzi, mnzanuyo adzasamuka, njinga idzafa. Maganizo athu ndi akuti munthu asamangirire thanzi lake pa chinthu chimodzi chomwe sangachilamule. Masewero achiwiri muwasankhe oyambawo asadakukanikeni.

Masewero odalira mlengalenga

Kaiti yomwe tikunena pano si ija ya mapepala kapena majumbo yomwe ana amaulutsa. Ndi chinsalu cholimba chokhala ndi machubu opopera mpweya, kuti ikagwera pamadzi iyandame n'kudzukanso. Adayambitsa luso limeneli ndi abale awiri a ku France, Bruno ndi Dominique Legaignoux, omwe adalilembetsa m'chaka cha 1984. Kaitiyo imalumikizidwa ndi zingwe zotalika mamita 20 mpaka 25 ku kandodo kowongolera, ndipo wosewerayo amazikoleka pa lamba wa m'chiuno. Choncho mphamvu yokokayo imathera m'chiuno, pamimba, pamsana ndi m'miyendo, pomwe manja ntchito yake yaikulu n'kuwongolera.

Anthu apamadzi amayeza liwiro la mphepo m'ma knot, ndipo knot imodzi ndi makilomita 1.852 pa ola. Munthu wogwiritsa ntchito thabwa wamba amafuna mphepo ya ma knot pafupifupi 12, omwe ndi makilomita 22 pa ola, kuti ayambe kuyenda bwino. Ambiri amasangalala ikakhala pakati pa 15 ndi 25. N'chifukwa chake munthu mmodzi amakhala ndi makaiti awiri kapena atatu osiyana kukula: yaing'ono ya tsiku la chimphepo, yaikulu ya tsiku lomwe mphepo ili yofooka.

Apa pali lamulo la sayansi lofunika kulimvetsa. Mphamvu yomwe mphepo imakankhira chinthu siikwera mofanana ndi liwiro lake. Liwiro likawonjezeka kawiri, mphamvu imawonjezeka kanayi. Likatsika ndi theka, mphamvu yotsala imangokhala gawo limodzi mwa magawo anayi. Ndiye mphepo ikachoka pa ma knot 20 kufika pa 10, inu mutha kumaimvabe kumaso, masamba a mitengo n'kumagwedezeka ndithu, koma kwa wa kaiti tsikulo latha.

Kodi mphepo imalekeranji?

Mphepo ndi mpweya womwe ukuthamanga kuchoka komwe wapanikizana kupita komwe wapepuka, monga zimachitikira chubu cha njinga chikabooka. Kusiyana kwa malo awiriwo kukakhala kwakukulu, mphepo imakhala yamphamvu. Kukakhala kochepa, kumangoti zii.

Tengani mzinda wa Cape Town ku South Africa, komwe anthu a makaiti ochokera m'maiko ambiri amasonkhana pagombe la Bloubergstrand. M'chilimwe cha kumeneko, makamaka kuyambira Novembala mpaka Malichi, kunyanja ya Atlantic kumakhala dera lalikulu la mpweya wopanikizana lomwe limatambasukira kummwera kwa dzikolo, pomwe kumtunda kukutentha ndipo mpweya wake wapepuka. Zotsatira zake ndi mphepo yochokera kummwera chakum'mawa yomwe eni ake amaitcha Cape Doctor, poti imasesa utsi ndi fumbi mumzindawo. Ikamadutsa m'mbali mwa mapiri imapanikizika n'kuwonjezera liwiro. Koma kusiyana kuja kukangochepa, gombe lonse limakhala bata. Mpikisano wotchuka wa Red Bull King of the Air, womwe wakhala ukuchitikira ku Cape Town kuyambira 2013, sakuika pa tsiku limodzi lokhazikika. Amapatula pafupifupi masabata awiri, n'kudikira tsiku lomwe mphepo ilole.

Ku Tarifa, kummwera kwenikweni kwa dziko la Spain, mphepo imafinyika pampata wa Gibraltar, pomwe Africa ndi Ulaya zatalikirana makilomita 14 okha. Kumeneko kuli mphepo ziwiri, Levante yochokera kum'mawa ndi Poniente yochokera kumadzulo, ndipo ina ikamapatsira inzake pamatha kukhala masiku opanda kanthu. Ku Paje, pachilumba cha Zanzibar, kuli nyengo ya Kaskazi ndi nyengo ya Kusi, ndipo miyezi ya pakati pake mphepo imasowa.

Asodzi a panyanja ya Malawi akuidziwa nkhaniyi, kungoti kwa iwo ndi yotembenuka. Mwera, womwe umawomba kwambiri m'miyezi yozizira, nawo umabwera dera la mpweya wopanikizana likakhazikika kummwera kwathu. Ukalusa, msodzi wanzeru amakhala kumtunda n'kumasoka ukonde kapena kumata bwato. Wa kaiti amadikira mphepo kuti ibwere, msodzi amadikira kuti ichoke, koma onse awiri ntchito yawo ili m'manja mwa chinthu chomwe sichimva pempho la munthu.

Ngakhale makompyuta amphamvu a zanyengo ali ndi malire. Katswiri wa ku America, Edward Lorenz, adaonetsa m'zaka za m'ma 1960 kuti kalakwika kakang'ono poyeza nyengo ya lero kamakula tsiku ndi tsiku mpaka ulosi wonse kusokonekera. N'chifukwa chake ulosi wa mawa ndi mkuja umakhala wodalirika, koma wa masabata awiri akudza ndi wongoyerekeza. Munthu woti akudikira mphepo sangadziwe motsimikiza kuti adikira mpaka liti.

Zomwe zimachitika m'thupi lomwe likudikira

Thupi la munthu silisunga chinthu chomwe silikuchigwiritsa ntchito. Munthu wozolowera masewero akangosiya, choyamba kuchepa ndi madzi a m'magazi, ndipo izi zimayamba m'masiku ochepa chabe. Magazi akachepa, mtima umapopa ochepa pa kugunda kulikonse, ndiye umayenera kugunda mofulumira kuti ugwire ntchito yomwe kale unkaigwira mosavuta. Kenako timagawo ta m'minofu tomwe timasandutsa chakudya kukhala mphamvu timayamba kufooka.

M'chaka cha 1984, Edward Coyle ndi anzake ku America adayeza anthu ozolowera kuthamanga ndi kupalasa njinga mitunda italiitali omwe adavomera kusiyiratu masewero. Adapeza kuti mphamvu ya thupi yogwiritsa ntchito okosijeni idatsika ndi 7 peresenti m'masabata atatu oyamba, ndipo pofika masiku 56 idali itatsika ndi 16 peresenti. Nyonga ya minofu imachedwerapo kutha, koma nayo siikhala mpaka kalekale.

Vutoli si la akatswiri okha. Ofufuza a ku Copenhagen m'dziko la Denmark adapempha anyamata athanzi kuti achepetse kuyenda kwawo kuchoka pa masitepe pafupifupi 10,000 patsiku kufika pa 1,500. Patangotha masabata awiri, matupi awo adali atayamba kuvutika kuchotsa shuga m'magazi, chifukwa minofu siinkamveranso bwino insulin. Imeneyi ndi njira yomwe, ikapitirira kwa zaka, imakathera ku matenda a shuga.

Nkhani yabwino ndi yakuti kusunga mphamvu n'kosavuta kusiyana ndi kuipeza. Robert Hickson wa ku Chicago adaonetsa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980 kuti anthu omwe adalimbitsa thupi masiku asanu ndi limodzi pasabata, kenako n'kuchepetsa kufika masiku awiri okha, adasungabe mphamvu yawo kwa masabata 15, malinga ngati pamasiku awiriwo ankalimbikira monga kale. Mtima ndi mapapo sizifunsa kuti thukutalo lachokera pamadzi, paphiri kapena panjinga. Chomwe zimafuna ndi ntchito.

Nawo maganizo amavutika

Anthu a makaiti amaseka okha za matenda awo a masiku a bata: kukwiya msanga, kusowa mtendere, ndi kutsegula foni kambirimbiri kuona ulosi wa mphepo pa Windguru kapena Windy, ngati kuti kuyang'anako kusintha kanthu. Kumbuyo kwa nthabwalayi kuli zinthu ziwiri zomwe sayansi ikuzidziwa.

Choyamba, kusiya masewero mwadzidzidzi kumakhudza maganizo. Kafukufuku wa ku America wa 2006 adatenga anthu 40 ozolowera masewero, n'kuwagawa pawiri: ena apitirize, ena asiye kwa masabata awiri. Omwe adasiya adayamba kudandaula za kutopa ndi kusasangalala kuposa anzawo aja.

Chachiwiri, mphotho yobwera mosadziwika nthawi yake imagwira munthu mwamphamvu kuposa yobwera mwadongosolo. Izi adazionetsa kalekale B.F. Skinner poyesa nkhunda ndi makoswe, ndipo ndi msampha womwewo umene umasunga anthu pa juga. Mphepo ndi mphotho ya mtundu umenewu. Munthu amakana ulendo wa kuphiri ndi anzake poopa kuti mwina masana kuwomba, amakhala pagombe tsiku lonse, dzuwa n'kulowa asadachite chilichonse. Mawa lake chimodzimodzi. Sabata imatha choncho, osati chifukwa panalibe chochita, koma chifukwa mtima udali pa chinthu chimodzi.

Ngozi ya kukakamira

Pali china choopsa kuposa kukhala: kukakamira. Munthu yemwe watha masiku khumi osalowa m'madzi amayamba kudzinamiza kuti kamphepo kalikonse n'kokwanira. Amapopa kaiti yake yaikulu kwambiri n'kulowa. Apa lamulo lija limamutembenukira. Mphepo ikangolumpha kuchoka pa ma knot 10 kufika pa 20, monga zimachitikira mtambo wa mvula ukamayandikira, kaiti yomwe imamukoka pang'onopang'ono imamukoka ndi mphamvu yochuluka kanayi. Imatha kumunyamula n'kukamumenyetsa pamchenga, pamiyala kapena pakhoma.

Mphepo yofooka nayo ili ndi ngozi yake. Ikathera munthu ali kutali ndi gombe, kaiti imagwera m'madzi n'kukana kudzuka, ndipo iye ayenera kusambira atazunguliridwa ndi zingwe. Ngati kamphepo kotsalako kakuchokera kumtunda kupita kunyanja, kamamutengera kutali. Ku Cape Town madzi a mbali ya Atlantic ndi ozizira kwambiri ngakhale m'chilimwe, moti munthu wokhalitsamo amafooka msanga.

Kafukufuku wa ku Germany yemwe adasindikizidwa mu 2004 adatsatira osewera 235 kwa miyezi isanu ndi umodzi. Adapeza kuti pa maola 1,000 aliwonse osewera pamachitika kuvulala kasanu ndi kawiri, makamaka kumapazi ndi m'akakolo, ndipo kuvulala koposa theka kudachitika chifukwa munthu adalephera kudzimasula ku kaiti itamupulumuka. Kuchokera nthawi imeneyo zida zomasulira zidakonzedwa bwino, koma chida sichingaganize m'malo mwa mwini wake. Munthu yemwe ali ndi china chomusangalatsa kumtunda savutika kunena kuti lero ayi. Masewero achiwiri, motero, amatetezanso moyo pa masewero oyamba. Akuluakulu adati sunga khosi, mkanda woyera udzavala.

Zomwe anzeru amachita kukakhala bata

Osewera okhalitsa adaphunzira kusankha chochita chomwe chimakonda nyengo yomwe kaiti imadana nayo. Apa ndiye pagona nzeru yonse.

Kukwera mafunde pathabwa popanda kaiti, komwe amati surfing, kumakoma mphepo ikachepa, chifukwa mafunde amabwera osalala, osasweka msanga. Kupalasa utaimirira pathabwa lalikulu ndi nkhafi yaitali nako kumafuna madzi odekha, ndipo kumalimbitsa pamimba, msana ndi mapazi, malo omwewo omwe kaiti imagwiritsa ntchito. Kusambira ndi kudumphira pansi pa madzi kukaona nsomba kumakhala bwino tsiku la bata poti madzi amayera. Ena amapita kumadamu komwe chingwe choyendetsedwa ndi injini chimakoka munthu pathabwa, kotero miyendo siiiwala luso lake.

Ku Cape Town mapiri ndiwo amalandira anthuwa. Cape Doctor akalusa, phiri la Table Mountain, lotalika mamita 1,086, limafundidwa ndi mtambo, pamwamba pake pamakhala poopsa, ndipo ngolo yokwezera anthu pachingwe amaiimitsa. Tsiku la bata ndilo labwino kukwera wapansi kudzera njira ya Platteklip Gorge, kapena kukwera phiri loyandikana nalo la Lion's Head, la mamita 669. Kukwera phiri kumapatsa mtima ndi mapapo ntchito yaikulu yosadukiza, pomwe kutsika kumalimbitsa minofu yoteteza mabondo, omwe amavutika munthu akamatera pamadzi atalumpha ndi kaiti. Ena amatenga njinga zam'mapiri, ena amakwera matanthwe, ndipo dera la Tarifa lili ndi malo a zonse ziwirizi.

Ena adachepetsa masiku odikira posintha zida. Pansi pa thabwa amamangapo chitsulo chokhala ndi phiko, chomwe amati foil. Liwiro likakwera pang'ono, phikolo limanyamula thabwa kulichotsa pamadzi, ndiye kukhuzana ndi madzi kumachepa kwambiri, munthu n'kumayenda ngakhale mphepo ili pansi pa ma knot 10. Zida zoterezi ndi zomwe ankagwiritsa ntchito ku Marseille, ndipo mwaona kuti nazonso zili ndi polekezera.

Palinso ntchito zosasangalatsa koma zopulumutsa moyo: kuyang'ana zingwe ngati zaperepeseka, kumata machubu otuluka mpweya, kuyeserera kudzimasula mwachangu, ndi kuphunzira kukulunga zingwe uli m'madzi kuti ubwerere kumtunda wekha. Zimenezi palibe amazichita tsiku lomwe mphepo ili bwino.

Mbiri ikuonetsa kuti masiku odikira adabalapo masewero atsopano. Ku California m'zaka za m'ma 1950, anyamata okwera mafunde ankati nyanja ikakhala yosalala, ankamangirira timagudumu pansi pa thabwa n'kumatsetsereka m'misewu. Umu ndi momwe skateboard idafalikira, ndipo lero nayo ili pa Olympics. Ku Maui m'zilumba za Hawaii, Laird Hamilton ndi Dave Kalama adathandiza kutchukitsa kupalasa koimirira kuja pomwe ankafuna njira yolimbitsira thupi masiku omwe mafunde ali aang'ono.

Kodi mapanga awiri savumbwitsa?

Wina atha kutitsutsa ndi mwambi wakuti mapanga awiri avumbwitsa: ukagwira zambiri sudziwa chilichonse bwino. Mwambiwu ndi woona kwa munthu wothamangira uku ndi uku mvula ili pamutu. Ife tikunena za munthu yemwe phanga lake loyamba lagumuka, ndipo lachiwiri adaliona kale dzuwa likadawala. Masewero oyamba akhalebe oyamba. Achiwiriwo ntchito yake n'kusunga thupi ndi maganizo kufikira oyamba atabwerera.

Wina anganene kuti kupuma nako n'kofunika. N'zoona. Minofu imakula pa nthawi yopuma, ndipo tsiku limodzi kapena awiri a bata ndi mphatso kwa mabondo ndi msana wotopa. Koma kupuma komwe wakonza wekha n'kosiyana ndi kukhala masabata atatu chifukwa nyengo yakusankhira.

Chenjezo lenileni lili pena. Munthu wamphamvu pa masewero amodzi amakhala mlendo pa ena. Mapapo ake amamulola kuthamanga makilomita 15 tsiku loyamba, pomwe mitsempha ya m'miyendo siidazolowere, ndipo sabata yotsatira amakhala akutsimphina. Yambani pang'ono, muziwonjezera sabata ndi sabata. Kumbukiraninso kuti tsiku lopanda mphepo thukuta siliuma msanga, choncho thupi limavutika kudziziziritsa. Nyamukani m'mawa, tengani madzi okwanira ndi chipewa, ndipo ngati mukupita kuphiri kapena kumadzi, wina adziwe komwe muli ndi nthawi yomwe mubwerere.

Nanga inu?

Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limalangiza munthu wamkulu aliyense kugwiritsa ntchito thupi mphindi 150 mpaka 300 pasabata mwapakatikati, monga kuyenda ndawala, kapena mphindi 75 mpaka 150 mwamphamvu, monga kuthamanga. Limawonjezanso masiku awiri pasabata olimbitsa minofu. Malangizowa sanena kuti kupatula nthawi ya dzinja, kapena sabata yomwe timu yanu siikusewera. Mu 2024 bungweli lidalengeza kuti akuluakulu 31 mwa 100 aliwonse padziko, omwe ndi anthu pafupifupi 1.8 biliyoni, safika pa mlingo umenewu. Kuno kwathu, kafukufuku wa STEPS wa 2009 adapeza kuti munthu mmodzi mwa atatu aliwonse a zaka 25 mpaka 64 adali ndi vuto la kuthamanga kwa magazi. Kwa inu amene mumagwira ntchito yokhala pansi tsiku lonse, mpira uja wa Loweruka mwina ndi mankhwala okhawo omwe mtima wanu ukulandira. Ukaima miyezi itatu ya mvula, mtima umakhala miyezi itatu wopanda mankhwala.

Chitani zomwe wa kaiti wanzeru amachita. Choyamba, dziwani mphepo yanu: n'chiyani chomwe chikangosowa, masewero anu amaima? Ndi bwalo, mnzanu, ndalama yolowera ku jimu, kapena kuwala kwa dzuwa? Chachiwiri, sankhani lero chochita china chomwe sichidalira chinthu chimenecho. Ngati choyamba chimafuna anthu 22, chachiwiri chikhale chotheka muli nokha. Ngati choyamba chimafuna ndalama, chachiwiri chikhale chaulere. Kulumpha chingwe pakhonde, kukwera kaphiri ka m'dera lanu, kuyenda ndawala kupita kuntchito, kuvina, zonsezi mtima umaziwerengera. Chachitatu, dziikireni malire a kudikira. Mwachitsanzo, ikangokwana 7 koloko mnzanu asadafike, nyamukani nokha. Munthu yemwe adagamula kale chochita sataya tsiku akukambirana ndi ulesi.

Ngati mungathe, chochita chachiwiricho chikhale chapanja. Kafukufuku wa ku England wa 2019, yemwe adakhudza anthu pafupifupi 20,000, adapeza kuti omwe amakhala mphindi zosachepera 120 pasabata m'malo achilengedwe, monga m'nkhalango, m'mapaki ndi m'magombe, ankanena kuti ali ndi thanzi labwino komanso mtendere wa mumtima kuposa omwe sapitako n'komwe. Mukasankha kusambira, pewani madzi osayenda okhala ndi udzu ndi nkhono, chifukwa ndimo mumakhala likodzo, ndipo funsani eni dera za ng'ona. Ngati muli ndi vuto la mtima, shuga kapena kuthamanga kwa magazi, kambiranani kaye ndi achipatala musadayambe masewero amphamvu.

Akuluakulu adati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwamphepo. Ulosi wa sabata yamawa ndi fodya wapachala. Chomwe muli nacho ndi tsiku la lero, miyendo iwiri ndi njira yomwe yayambira pakhomo panu. Mphepo idzabwera nthawi yake ikakwana, ndipo wosangalala nayo adzakhala yemwe idzamupeze thupi likadali lolimba.